Phunziro 9: Kabirimankhwe m'Katoni

Werengani Genesis 2:15-20. Vesi loloweza pamtima: Miyambo 12:10.

Kwa aphunzitsi: Phunziro ili ndi la ana a zaka 10 kufikira 14. Muliwerenge mofatsa kunyumba Lamulungu lisanafike, pakuti muli mau ena amene ana akakawanena kwao, makolo adzabwera kudzakufunsani.

Mvula ikakhazikika, kuyambira mwezi wa December kufikira March, m'mipanda ya maluwa ndi m'tchire la m'mbali mwa mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi mumatuluka tiana ta birimankhwe. Kamodzi kutalika kwake sikaposa chala chaching'ono cha munthu wamkulu. Ana a ku Kawale, ku Biwi ndi ku Chinsapo amatipeza popita kusukulu. Ambiri amathawa akukuwa. Ena amatola miyala. Koma masiku ano kwabuka ana a mtundu wachitatu. Iwowa anaona pa foni ya achimwene ao kuti kumaiko ena anthu amaweta birimankhwe monga ife tiwetera nkhunda, tsono amakanyamula, nakaika m'katoni kapena m'botolo, nati, "Aka nkanga, ndikaweta." Amai akaona amakalipa kuti mwanayo waitana tsoka pakhomo. Mwana ayamba kulira. Bambo pochokera kuntchito apeza mlandu ukuwadikira pakhonde.

Kodi pamlandu umenewu wakhoza ndani? Kodi mwana wa Mulungu akatola kamoyo kotere achite nako chiyani? Funsoli likuoneka laling'ono, koma m'kati mwake muli lina lalikulu: kodi kukonda chinthu kumatipatsa ufulu wochitenga kukhala chathu?

Kumene mantha anachokera

Tiyambe ndi amai aja, pakuti mantha ao ali ndi pochokera. Makolo athu anali ndi nthano yakuti pachiyambi Chauta anatuma birimankhwe kukauza anthu kuti akafa adzaukanso. Birimankhwe ananyamuka ndi kayendedwe kake kaja, phazi limodzi kutsogolo, kuima, kugwedezeka, kuponda. Pambuyo pake ananyamuka buluzi ndi mau ena, akuti anthu akafa adzaferatu. Buluzi anathamanga nayamba ndiye kufika, ndipo anthu analandira mau ake. Pamene birimankhwe amafika, mlandu unali utatha kale. Nthano imeneyi si ya Achewa okha. Azulu a ku South Africa ali nayonso, ndi mitundu ina yambiri. Chifukwa cha iyo anthu akhala akumtsira birimankhwe fodya wamphuno m'kamwa, namuyang'ana akuda bii kufikira atagwa, ati kumlanga chifukwa cha kuchedwa kwake.

Ana, taganizirani bwino nthano imeneyi. Ngakhale titaimva monga momwe agogo amaikambira, amene ananyamula mau a moyo anali birimankhwe. Amene anabweretsa mau a imfa anali buluzi. Nanga bwanji buluzi timamleka akuothera dzuwa pakhoma la nyumba, koma fodya timatsira mnzake? Ine ndiona kuti chifukwa chake nchimodzi: buluzi sitingamgwire. Munthu akapsa mtima safuna wolakwa, amafuna wosathawa.

Malembo amatiuza kumene imfa inalowera. Pa Aroma 5:12 Paulo aphunzitsa kuti inalowa ndi uchimo wa munthu. Sanatchule nyama iriyonse ya miyendo inai. Ndipo pa Genesis 3 tiona kuti tsiku lomwelo munthu anayamba luso lokankhira mlandu kwa wina: mwamuna analoza mkazi, mkazi analoza njoka. Kutsira birimankhwe fodya ndi luso lomwelo la Adamu. Koma tisawaseke makolo athu. Nthano yao ionetsa kuti mitima yao inakana kuvomereza kuti manda ndiwo mapeto. Ankamva kuti panali uthenga wina wabwino umene unachedwa panjira. Ife amene tiwerenga 1 Akorinto 15 tidziwa kuti uthengawo unafika.

Pali zina zimene zimanenedwa. Ena amati ukaona birimankhwe akukumba pansi, amenewo ndi malodza, akukumba manda a mbale wako. Zoona zake nzakuti amene akukumbayo ndi wamkazi, ndipo akukonza poikira mazira. Birimankhwe wofala kuno ku Lilongwe, amene akatswiri amamutcha Chamaeleo dilepis, amaikira mazira ake mvula ikamatha, kawirikawiri oposa 20, nthawi zina ngakhale 50, nawakwirira, napita osabweranso. Mazirawo amakhala m'nthaka miyezi 9 kapena kuposerapo, ndipo amaswa mvula ina itabwera. Motero dzenje limene tiliyesa manda ndi chikuta. Enanso amati amabereka podzigwetsa mumtengo naphulika mimba. Iai. Ena amati akakuluma bala silipola, kapena khungu lako lidzayamba kusinthasintha. Birimankhwe alibe ululu. Akaopsedwa amadzitukumula, nayasama, nachita phokoso ngati mphaka, ndipo wamkulu akhoza kukutsina chala ndi timano take, basi. Chofunika ndi kusamba m'manja ndi sopo mutamgwira, pakuti nyama zokwawa zonse zimatha kukhala ndi tizirombo totsegula m'mimba, monganso nkhuku.

Mwina mkulu wina adzati, "Nanga pa Levitiko 11:29-30 sanaikidwe pamodzi ndi zokwawa zodetsedwa?" Inde. Koma m'chaputala chomwecho mulinso kalulu ndi nkhumba, ndipo sitinamvepo munthu akutsira kalulu fodya. Lamulolo linali la kudya ndi kudziyeretsa kwa Aisraele, silinalamule kuzunza kanthu. Kumbukiraninso masomphenya a Petro pa Machitidwe 10.

Tsono pa mbali iyi mwana wakhoza. Kabirimankhwe sikabweretsa tsoka.

Zimene kamoyoka kafuna

Koma mwana asafulumire kuvina. Iye akuti akakonda. Chabwino. Vesi lathu loloweza liphunzitsa kuti munthu wolungama amasamalira moyo wa nyama yake, ndiponso kuti pali chifundo china chimene m'kati mwake muli nkhanza. Mau a Chihebri amene ali pamenepo ndi mau akuti kudziwa. Wolungama amadziwa moyo wa nyama yake. Ndiye tifunse mwanayo: kodi ukadziwa?

Ayambe ndi madzi. Mwana amathira madzi m'chotsekera cha botolo naika m'katoni, nayesa kuti wathana nazo. Birimankhwe kawirikawiri sazindikira madzi okhala phee m'mbale. Iye amanyambita mame ndi madontho a mvula pamasamba. Akhoza kufa ndi ludzu madzi ali pambali pake. Wofuna kumsunga ayenera kuwaza madzi pamasamba m'mawa ndi madzulo, tsiku ndi tsiku. Maso ake akayamba kulowa m'kati, dziwani kuti wauma kale.

Chakudya ndiye nkhani. Sadya nsima, sadya masamba, sadya chakufa. Amadya tizirombo tamoyo toyenda, ndipo kakhanda kafuna tambiri tsiku lirilonse, tating'ono tosaposa kukula kwa mutu wake: tintchentche tija timazungulira mango owola, tiana ta ziwala, inswa pa nyengo yake. Mwana amene Lolemba ali kusukulu kufikira masana, napita kukatunga madzi kukiyosiki, nagulitsa mandasi a amai ake madzulo, adzagwira nthawi yanji tizirombo tamoyo totere? Ndipo ntchentche imene yakomoka ndi mankhwala opopera m'nyumba ndi chiphe kwa iye.

Afunanso dzuwa. Kuwala kwa dzuwa kukamenya khungu lake, thupi limapanga vitamini D, amene amathandiza mafupa kulimba. Kakhanda kosungidwa kuseri kwa bedi mafupa ake amafewa, timiyendo timapindika, nsagwada imalephera, lilime limaleka kuponya. Dzuwa lodutsa pa galasi silithandiza pa ntchito imeneyi. Koma mukakaika m'botolo padzuwa la October kapena la January, mphindi zowerengeka kapsa. Kafuna dzuwa la m'mawa ndi mthunzi wothawiramo, mpweya woyenda, ndi tinthambi tating'ono tokwera m'mwamba, pakuti mapazi ake anapangidwa ngati chopanira, zala ziwiri mbali ina, zitatu mbali ina, ndipo pa katoni posalala kamangokwekwereka. Wina adzati, "Ndikamangira khola ndi neti yakale." Chenjerani, pakuti neti zimene timalandira kuchipatala ziri ndi mankhwala ophera udzudzu.

Chotsiriza ndicho chimene mwana safuna kumva. Birimankhwe sakondwera kugwiridwa. Galu ukamsisita amagwedeza mchira. Birimankhwe ukamsisita amayesa kuti khwangwala wamgwira. Amakhala yekha moyo wake wonse, ndipo awiri ukawaika malo amodzi amavutana. Mwana akamapita nako kwa anzake, uyu agwire, uyu akaike pa malaya ofiira kuti aone ngati kafiira, kamada ndi mantha, kamaleka kudya, ndipo pakutha sabata kapena ziwiri kapezeka kali gone pansi pa katoni.

Pano ndipatuke pang'ono. Munthu wosakhazikika, wa uku ndi uku, timamutcha birimankhwe. Tiri kumnamizira. Birimankhwe satengera mtundu wa chirichonse chimene wakhalapo. Amasintha chifukwa cha kuzizira ndi kutentha, mkwiyo, mantha, ndi pofuna mkazi. M'chaka cha 2015 akatswiri a pa yunivesite ya Geneva, pofufuza birimankhwe wa ku Madagascar, anaonetsa kuti m'khungu lake muli timiyala tosaoneka ndi maso, timene tikayandikana kapena kutalikirana, kuwala kumabwerera ndi mtundu wina. Ndiye kuti khungu lake limaulula za m'kati mwake. Akakwiya aliyense amaona. Pa ichi aposa ena a ife amene timapatsana moni wa mano oyera pakhomo la tchalichi.

Kusunga ndi kusunga

Tsono tafika pamtima pa phunziro. Pa Genesis 2:15 Mulungu anaika munthu m'munda kuti aulime ndi kuusunga. Mau awa akuti kusunga ife timawagwiritsa ntchito pawiri. Pali kusunga kwa munthu amene waika ndalama pansi pa mphasa kuti wina asazione: chinthucho nchake, chikhale pamene iye afuna. Palinso kusunga kwa mlezi, amene amadzuka usiku chifukwa mwana walira, angakhale iye ali ndi tulo. Woyamba amafunsa kuti, "Ndipindula chiyani?" Wachiwiri amafunsa kuti, "Afuna chiyani?" Mundawo sunali wa Adamu. Ndipo pamene nyama zinabwera kwa iye pa ndime 19 ndi 20, anaziyang'ana, nazitcha maina, koma sitiwerenga kuti anazitsekera.

Mwana wochenjera adzatsutsa, ndipo mumlole. Adzati, "Aphunzitsi, kwathu tiweta nkhuku, nkhunda ndi mbira. Bwanji birimankhwe?" Yankho nlakuti ziwetozo zakhala ndi anthu mibadwo yosawerengeka, zimadya gaga ndi masamba amene tiri nao, ndipo nkhunda ukaitsegulira imabwera yokha madzulo. Birimankhwe ukamtsegulira sabwera. Pamenepo wayankha yekha funso lako. Anthu a ku Ulaya ndi ku America amene amamweta amagula nyali zapadera zotengera mphamvu ya dzuwa, makina owaza madzi ndi tizirombo toweteredwa dala, ndipo ngakhale iwo amavomereza kuti si nyama yoyambira munthu amene sanawetepo zokwawa. Amene anagwidwa kutchire ndiwo amafa msanga koposa. Nchifukwa chake malonda a abirimankhwe a mtundu uwu pakati pa maiko amalamulidwa ndi pangano lotchedwa CITES, ndipo kuno kwathu lamulo loteteza nyama zakutchire analikhwimitsa m'chaka cha 2017. Munthu akadza kwa ana nati, "Ndigwirireni, ndikupatsani ndalama," ana akauze makolo.

Wina adzati, "Ndikakataya anyamata akapha, kapena galimoto ikaponda pamsewu wa ku Likuni." Ili ndi dandaulo lenileni, ndipo sindilipeputsa. Mwa tiana 30 totuluka m'dzenje limodzi, tambiri timadyedwa ndi mbalame, amphaka ndi njoka za m'mitengo tisanakule. Kunja kulibe chitsimikizo. Koma m'katoni chitsimikizo chiripo, ndicho imfa yapang'onopang'ono, ndipo mwini imfayo ndiwe. Mwana amene wakalanditsa kwa oponya miyala wachita bwino ndithu. Wokachotsa pakati pa msewu wachita bwino. Ntchito yake yatsala theka, ndiyo kukapezera chitsamba chabwino. Pa Deuteronomo 22:6-7 Mulungu anaikira Aisraele malire ngakhale pa chisa cha mbalame chimene munthu wachipeza panjira. Kupeza chinthu sikunawapatse ufulu wotenga zonse.

Ndidziwa kuti mkulu wina pa bwalo adzang'ung'udza kuti, "Ana a ku Mgona akugona ndi njala, inu mukuphunzitsa za birimankhwe?" Ndiyankhe monga munthu amene ndinagwira choko zaka zambiri. Mtima wa mwana suphunzira chifundo pa zinthu zazikulu. Umayamba pa zimene ziri m'manja mwake, monga Ambuye anaphunzitsira pa Luka 16:10. Mnyamata amene aseka poona kanyama kakuphiriphitha ndi fodya akuphunzira kuti kulira kwa wofooka ndi masewera. Koma winayo, wokonda mofinya, ngoopsanso, ndipo tchimo lake nlovuta kuliona chifukwa limavala nkhope ya chifundo. Kodi m'makomo mwathu muno mu Area 23 ndi Area 25 mulibe atsikana amene anatengedwa kumudzi ku Dowa, ku Dedza kapena ku Mchinji ndi mau akuti, "Tikamsunga, akaphunzira kutauni"? Ena asungidwadi, ndipo Mulungu adalitse makomo amenewo. Koma ena zaka zikupita ali kubereka mwana wa eni nyumba kumbuyo, anzao akupita kusukulu. Mwini nyumba ukamfunsa amati, "Si ndikumsunga? Akudya, akugona pabwino." Sanamfunsepo mtsikanayo chimene moyo wake ufuna. Aphunzitsi, mau awa muwanene mosamala, pakuti mwina wina wa ana otere wakhala pa benchi patsogolo panu.

Mudzi wao ukutha

Dziko lathu linapatsidwa abirimankhwe ena amene sapezeka kwina kulikonse. Pa phiri la Mulanje pali mtundu umene akatswiri, m'chaka cha 2006, anaupatsa dzina lakuti Nadzikambia, kuchokera ku dzina lija abale athu a kummwera amamtchulira, nadzikambe kapena nanzikambe. Tsono mau a chinenero chathu ali m'mabuku a sayansi a dziko lonse chifukwa cha kanyama kamene ife timakalavulira. Ku mapiri a Malawi Hills, m'boma la Nsanje, kuli kena kakang'ono kotchedwa Rhampholeon chapmanorum, kamene kanalembedwa koyamba m'chaka cha 1992. Nkhalango yake inadulidwa kwambiri, pafupifupi magawo 80 mwa 100 kuyambira 1984, kotero kuti ena anayesa kuti kanatha. M'chaka cha 2016 ofufuza anakapezanso m'tizigawo ta nkhalango timene tatsala. Palibe anakatsira fodya; anthu anangofuna minda ndi nkhuni.

Kuno ku Lilongwe ziri chimodzimodzi, mwakachetechete. Pamene likulu linasamuka ku Zomba m'chaka cha 1975, makomo ambiri anali ndi mipanda yamaluwa kapena yaudzu, ndi mitengo ya mango ndi magwafa pabwalo. Lero tamanga mipanda ya njerwa, ndipo njerwazo tinaotcha ndi mitengo. Pabwalo tathira simenti. Madambo tagawana mapuloti. Birimankhwe amadya ziwala ndi ntchentche, zomwezo zimene zimatisautsa m'dimba ndi m'khichini, koma tamsowetsa pokhala. Mwana amene afunadi kukhala ndi birimankhwe pakhomo ali nayo njira: abzale chitsamba, apemphe bambo asiye mpanda wamaluwa mbali imodzi, asatenthe zinyalala pansi pake, asapoperepo mankhwala. Akatero mwina mlendoyo adzabwera yekha, ndipo mwana adzaona zimene m'katoni sakadaziona: diso limodzi kuyang'ana kutsogolo lina kumbuyo, kenaka onse awiri kulunjika pa chiwala, ndi lilime lotalika kuposa thupi lake kutuluka mwa kuphethira kwa diso. Pafunika kukhala chete nthawi yaitali. Paja akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Zochita ndi ana

Funsani m'kalasi ngati alipo amene ali nako kunyumba tsopano lino. Musamchititse manyazi pamaso pa anzake, ndipo musalole kuti ena amuseke kapena kumunena ufiti. Mupangane naye kuti akabweze lero lomwe, dzuwa litapendeka. Ngati kali kovulala, mkulu akafunse nzeru kwa a Lilongwe Wildlife Centre, kunkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi, kumene amasamalira nyama zakutchire zopulumutsidwa.

Pokabweza asakazule pa nthambi mokoka, pakuti tizala take timathyoka. Aike kamtengo patsogolo pake, kadzakwera kokha. Apite nako pafupi ndi pamene anakatola, ngati mpotalikira msewu, nasankhe chitsamba cha masamba ambiri ndi tinthambi tating'ono, pamene nkhuku ndi amphaka safikafika. Akaika achoke, asaitane gulu. Ngati afuna kudziwa kuti kalipobe, apemphe bambo kapena amalume apite naye ndi tochi kutangoda, pakuti usiku birimankhwe amagona kunsonga kwa nthambi atapinda mchira, ndipo thupi lake limayera mbuu kotero kuti amaoneka msanga kuposa masana. Lamulungu likudzalo mwanayo adzafotokozere anzake zimene anaona.